Manja Ogwira Zingwe

Pa zionetsero za akavalo olima ku America, monga Horse Progress Days, maso a anthu amathamangira pa zimphona za mtundu wa Belgian ndi Percheron, zolemera makilogalamu pafupifupi 900. Koma taonani manja a agogo ogwira zingwewo. Zala zawo zokhakhala zimamva kavalo asanadzidzimuke, ndipo akangoyankhula motsitsa, nyulu yamakani imakhota bwinobwino pamapeto pa mzere. Madzulo amapisa dzanja pansi pa lamba wachikopa wa m'khosi mwa kavalo, paphewa ponyowa ndi thukuta, kufufuza pamene payamba kutupa. Luso limeneli mwana amalitola atakhala nawo pangolo. Mabungwe a oyendetsa akavalo ndi nyulu amachita bwino powalemekeza akuluakuluwa, koma ulemu wokha sukwanira. Apatseni achinyamata oti awaphunzitse akadali ndi mphamvu.