Funso la mwana amene analira kamodzi

Mayi wa ku Lundazi mukamufunsa kuti ali ndi ana angati, amawerenga amene akudya nsima. Amene anatsogola amawasiya pambali, makamaka khanda lija linalira kamodzi n'kukhala chete, limene amayi okhaokha anakaika ngati nthayo, mudzi osasonkhana. Sikuti akunama ayi, ndi mmene timayankhulira. Koma boma likafuna kudziwa kuti mwa ana 1,000 obadwa amoyo ndi angati amamwalira asanakwanitse zaka zisanu, limafuna khanda lomwe lija lasiyidwa pambalilo. Apa m'pamene ine ndimagoma ndi anthu amene anakonza mafunso a kafukufuku wa Zambia Demographic and Health Survey, amene wakhala akuchitika m'dziko muno kuyambira 1992.

Sayamba ndi imfa. Wofunsa, atakhala pamphasa ndi mayi wa zaka za pakati pa 15 ndi 49, amayamba ndi ana aamuna ndi aakazi amene ali pakhomopo. Kenako amafunsa za amene ali moyo koma akukhala kwina: wokwatiwa ku Chipata, wa kusukulu yogonera komweko, amene agogo ake anamutenga. Macheza akafunda, m'pamene amafika pa amene anabadwa amoyo koma anamwalira. Mayi akati palibe, fomu simulola wofunsa kungodutsa. Amafunsanso, motsitsa mawu, ngati panali khanda limene linalira, kugwedezeka kapena kupuma ngakhale kwa kamphindi. Akatero amaphatikiza onse n'kubwezera nambalayo kwa mwini wake: "Ndiye kuti onse pamodzi ndi asanu ndi awiri, eti amayi?" Pambuyo pake amawatchula mmodzimmodzi kuyambira woyamba kubadwa, dzina lake, mwezi ndi chaka. Pakaoneka mpata waukulu pakati pa ana awiri, amafunsa ngati panalibe wina pakatipo.

Palinso kanthu kena kakang'ono kamene kamandisangalatsa kuposa zonse. Msinkhu umene mwana anamwalirira umalembedwa m'masiku ngati sanakwanitse mwezi, m'miyezi ngati sanakwanitse zaka ziwiri, ndipo m'zaka ngati anapitirira pamenepo. Mayi akati "anali ndi chaka chimodzi", wofunsa saloledwa kulemba pomwepo, ayenera kufufuza kuti inali miyezi ingati. Mwana wa miyezi 11 ndi wa miyezi 13 tonse timati wa chaka, koma woyambayo amawerengedwa pa imfa za makanda, winayo ayi. Amene anaganiza zimenezi ankadziwa mmene anthu amayankhira.

Nzeru zonsezi zinabadwira papepala. Mpaka pa kafukufuku wa 2013 ndi 2014, wofunsa ankayenda ndi mabuku a mafunso odzaza mabokosi ndi timivi tomuuza kuti yankho likakhala lakuti, alumphire funso lakuti. Madzulo, mnzake wina wa m'gulumo ankawerenga tsamba ndi tsamba kufunafuna bokosi lodumphidwa ndi manambala osagwirizana, gulu lisanasamuke pamudzipo. Kenako mapepalawo ankalongedzedwa kupita ku Central Statistical Office ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 700 kuchokera ku Lundazi. Pa kafukufuku wotere fomu iliyonse imataipidwa kawiri ndi anthu awiri osiyana, ndipo pamene asemphana, wina amakatsegulanso katoni kuti aone chimene bolopeni inalemba.

Anthu ambiri poyerekeza mtengo amaika tabuleti mbali ino, mtolo wa mapepala mbali inayo, n'kunena kuti pepala ndi lotchipa. Pa kafukufuku wamng'ono, wa chipatala chimodzi ndi midzi yochepa, akunena zoona. Tabuleti imadya ndalama zake poyambirira: kugula makina, matchaja ndi mabatire apadera, kulipira wolemba pulogalamu, kuwonjezera masiku a maphunziro. Koma ikatero, nyumba iliyonse yowonjezera siifunanso tsamba, ndipo makina omwewo adzagwiranso ntchito chaka chamawa. Pepala limadya pang'onopang'ono ngati chiswe. Nyumba iliyonse ndi masamba ena osindikiza, katoni ina pagalimoto, malo ena m'chipinda chosungira, tsiku lina la malipiro a otaipa. Kum'mwera kwa Tanzania, ofufuza anayendera nyumba zoposa 21,000 ndi timakina ta m'manja totchedwa PDA, ndipo zonse zimene anasonkhanitsa zinali zokonzeka pasanathe maola 24 kuchokera tsiku lomaliza. Kuno kwathu, kafukufuku wa malungo wa dziko lonse wa 2006 anagwiritsa kale ntchito timakina tomweti, mafoni amakono asanafike m'midzi.

Komabe ndalama imene imapweteka kwambiri siili m'mapepala kapena m'makina. Ili mu ulendo wobwerera. Ganizirani za kuchigwa cha Luangwa, kwa Kazembe, kwa Chitungulu ndi kwa Mwanya, madera amene anali a Lundazi mpaka boma la Lumezi litadulidwa mu 2018. Mvula ikayamba, misewu ya kumeneko imaduka. Cholakwa chikapezeka ku Lusaka patatha miyezi itatu, ndani adzathire mafuta galimoto ndi kulipira alawansi kuti akafunsenso mayi mmodzi za mwezi umene mwana wake anabadwa? Bokosilo limangotsala lopanda kanthu, kapena kompyuta imayerekezamo nambala.

Mu 2018 mafunso anasamukira pa tabuleti, m'pulogalamu ya CSPro imene inapangidwa ndi US Census Bureau. Timivi tija tinabisala mkati, ndipo funso lotsatira limangobwera lokha. Mnzake wowerenga madzulo uja naye analowa mkati momwemo. Wofunsa akalemba kuti mayi anabadwa mu 1995 koma mwana wake woyamba mu 2003, makina amachenjeza nthawi yomweyo, mayi akadali pamphasa, khadi la kusikelo lili m'nyumba pompo. Ana awiri akasiyana miyezi isanu yokha, amachenjezanso. Ntchito ikatha, mayankho amadutsa pa Bluetooth kupita pa tabuleti ya mtsogoleri wa gulu, netiweki ilipo kapena palibe, ndipo iye amawatumiza ku Lusaka akafika pamene foni ikugwira.

Luso la wolemba pulogalamu lili posankha khomo loti atseke ndi khomo loti angoikapo chenjezo. Mwezi wa 13 kulibe, pamenepo atseke ndithu. Koma mtsikana wobereka ali ndi zaka 13 alipo m'midzi mwathu, ndipo aliyense amene anakhalako pa benchi ya chipatala cha amayi akudziwa. Makina akakana yankho loona, wofunsa wotopa amasintha chaka kuti apitirire, ndipo bodzalo limafika ku Lusaka loyera bwino, lopanda chofufutira chilichonse choonetsa kuti panali kukayika. Pepala linkasiya zipsera, tabuleti siisiya. N'chifukwa chake wolemba wabwino amalola makina kufunsa kuti "mwatsimikiza?" kenako n'kumukhulupirira munthu amene wakhala pamphasayo. Kuchokera mwa amayi 13,683 amene anafunsidwa pakati pa July 2018 ndi January 2019, dziko linadziwa kuti imfa za ana osakwana zaka zisanu zatsika kufika pa 61 mwa 1,000, kuchoka pa 75 pa kafukufuku wa 2013 ndi 2014.

Anthu a ku Lundazi anazolowera ogogoda pakhomo. Boma lino linali limodzi mwa maboma anayi amene ntchito yochepetsa imfa za amayi pobereka ya Saving Mothers, Giving Life inayambira mu 2012, pamodzi ndi Nyimba, Mansa ndi Kalomo, ndipo mu 2022 kalembera woyamba wa pa tabuleti anafika nyumba ndi nyumba. Amadziwa kusiyanitsa wofunsa amene maso ake ali pa galasi ndi amene maso ake ali pa iwo. Mafunso a 2018 anamasuliridwa m'zinenero zisanu ndi ziwiri, Chinyanja chili momwemo, koma Chitumbuka, chimene ambiri kuno amayankhula, munalibe. Ndiye kwa Magodi kapena kwa Mphamba wofunsa amawerenga Chinyanja ndi maso, pakamwa n'kutulutsa Chitumbuka, osasuntha tanthauzo. Dzuwa likuwalira pagalasi, batire ikutha, gulu likudikira pagalimoto. Akafika pa funso la khanda lija, amatsamiritsa tabuleti pamiyendo n'kunena kuti, "Pepani amama, ndifunseko chimodzi chovuta." Mayi amayang'ana pansi, amatchula chaka cha njala kapena chaka cha chisankho, ndipo awiriwo amayamba kuwerengera limodzi miyezi, kuyambira pa nthawi yokolola.