Mayina a Zotengera za m'Labotale: Pamene Omasulira Akuphonya

Pazikwangwani ndi m'timabuku ta zaumoyo tomasuliridwa m'Chichewa muli chizolowezi chotchula chotengera chilichonse cha m'labotale kuti botolo, ndi chilichonse chotayidwa kuti chinyalala. Chizolowezichi n'choipa, pakuti amene amadalira kwambiri mawu a Chichewa m'malo otere ndi osesa ndi otsuka ziwiya, osati akatswiri oyeza magazi.

Mawu oti zinyalala ndiwo osokeretsa koposa. Kwa Mchewa, zinyalala ndi masamba, makoko ndi fumbi, ndipo kwawo ndi kudzala, kumene ana ndi nkhuku amafukulako. Singano yomwe yabaya wodwala si chinyalala chotere. Imaponyedwa m'bokosi lolimba losabooka, lomwe limatsekedwa likadzaza magawo atatu mwa anayi. Womasulira akalemba kuti "bokosi la zinyalala" wachotsa chenjezo lonse. Kulemba kuti "bokosi la zobaya ndi zocheka" n'kotalikirapo, koma kukunena za m'katimo ndi kuopsa kwake.

Mitundu nayo ili ndi msampha. Buku la World Health Organization lonena za zotaya za m'zipatala, lomwe linatuluka mu 1999 ndi kukonzedwanso mu 2014, limati zopatsira matenda ziikidwe m'zotengera zachikasu, zotsalira za mankhwala m'zabulawuni, ndipo zotaya wamba m'zakuda. Ena, pothawa mawu obwereka, amalemba "chofiirira" m'malo mwa bulawuni. Koma munthu wowerenga mofulumira sasiyanitsa chofiirira ndi chofiira, chomwe m'mayiko ambiri chili ndi ntchito yakeyake. Apa mawu obwereka ndiwo oyenera.

Pali enanso amene amati Chichewa chili ndi mayina okwanira a ziwiya, monga chikho, nsupa, mtsuko ndi nkhali, choncho kubwereka n'kosafunika. Kulemera kwa chiyankhulo sikukutsutsidwa. Komabe dzina lililonse limabwera ndi ntchito yake. Chikho ndi chomwera, ndipo kutchula choncho chiwiya chagalasi chothiramo asidi ndi kuitana ngozi. Nsupa ikadayenera timabotolo tosungira magazi, popeza ndi yaing'ono ndipo imasunga mankhwala, koma wodwala womva kuti magazi ake aikidwa m'nsupa angaganize za asing'anga, mwinanso za ufiti, ndipo sangabwerenso kudzayezetsa.

Pa kalembedwe, dzina loti "mbale ya Petri" lili bwino, popeza chiwiyacho n'chosaya ngati mbale, chovundikira pamwamba. Cholakwika ndi kulemba "petiri" ndi chilembo chaching'ono. Limeneli ndi dzina la munthu, Julius Richard Petri wa ku Germany, wothandizira Robert Koch, yemwe anafotokoza za mbaleyi mu 1887. Dzina la munthu silisinthidwa kalembedwe, ndipo lamulo lomweli likhudza botolo la Erlenmeyer, lotambalala pansi ndi lopapatiza kukhosi.