Gemu Ikakulemba Ganyu

Lachisanu lapitali, belu lomaliza litalira, mnyamata wina wa Giredi 11 anatsalira m'kalasi mpaka anzake onse atatuluka. Ndinkaganiza kuti ndi nkhani ya homuweki, koma ayi. Anali atamva kuti nanenso ndinakula ndi PlayStation 2, ndiye anafuna thandizo. "Ba ticha, Final Fantasy X yanikanga. Uja Seymour wa pa phiri anipaya lyonse. Manje masiku atatu nizunguluka chabe, nipaya tuvilombo kuti mphamvu zikwele." Ndinamufunsa kuti Seymour amamupha motani. Anakanda mutu. Masiku atatu akumenya tizilombo pa phiri la Gagazet, koma sanakhalepo pansi n'kuonetsetsa chimene chimamugwetsa.

Chimene chimachitika pa nkhondo imeneyo n'chakuti Seymour amabaya mmodzi wa gulu lako ndi mkondo umene umamusandutsa zombie. M'gemuyi, chilichonse chochiritsa chimapweteka zombie. Kenako chimakina chimene Seymour wakwerapo chimaponya matsenga oukitsa akufa otchedwa Full-Life, ndipo munthu wakoyo amagwa pomwepo, kaya ali ndi mphamvu zochuluka bwanji. Mankhwala ake ndi kabotolo ka Holy Water, kamene kamachotsa uzombie chimakinacho chisanaponye. Gemu inamufunsa mnyamatayu funso loti aganize, iye n'kuyankha ndi thukuta.

Nkhani yanga yagona pamenepa. M'magemu a ku Japan ofotokoza nthano, amene timawatcha ma JRPG, muli zinthu zitatu zimene timazisakaniza: kuvuta kwa gemu, kubwerezabwereza nkhondo kuti ukwere levulo, ndi liwiro limene nthano imayendera. Kubwerezaku pa Chingerezi amati grinding, kutanthauza kupera, ngati kupera mapira pamphero. Ambiri tikaona gemu yatidyera maola 80 timati inali yovuta, pamene inangokhala yaitali. Ine ndikuti gemu yabwino imakulipira nthawi yako ndi nzeru yatsopano. Gemu yaulesi imakulemba ganyu, n'kukulipira manambala.

Koma tisafulumire kunyoza kuperaku, chifukwa kunayamba ndi cholinga chabwino. Dragon Quest yoyamba inatuluka mu 1986 pa Famicom. Anaikonza ndi Yuji Horii, zithunzi anajambula ndi Akira Toriyama, yemwe uja wa Dragon Ball amene anamwalira mu 2024. Nthawi imeneyo magemu ambiri ankafuna zala zachangu, ndipo ukafa unkayambiranso poyambirira. Dragon Quest inasintha lamulo. Ukafa, umadzuka pamaso pa mfumu, theka la ndalama zako lapita, koma mphamvu zonse zimene unapeza pomenya nkhondo zikadali nawe. Motero ngakhale munthu wa zala zolemera, akapirira, tsiku lina adzafika. Nyumba ya mdani wamkulu imaonekera kutsidya kwa madzi kuyambira pomwe gemu ikuyamba, ndipo kachilombo kalikonse kamene wapha kamakusendeza pafupi. Pang'onopang'ono ndi mtolo, ndipo gemuyi inamangidwa pa mwambi umenewu.

Lonjezo lotere limakoma kwambiri kwa mwana wa ku Kafue. Tauni yathu inamangidwa pa mashifiti. Fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inamangidwa ndi kampani ya ku Japan ya Kobe Steel n'kuyamba ntchito mu 1970, pamodzi ndi ya nsalu ya Kafue Textiles, ndizo zinadzaza nyumba za ku Kafue Estates ndi mabanja ochokera m'zigawo zonse za Zambia. Makolo athu ankakhulupirira kuti munthu ukalowa pageti tsiku ndi tsiku, chaka ndi chaka, udzakwera. Lero aliyense kuno akudziwa mkulu wina amene anapereka zaka 20 ku makina, ntchito n'kutha, iye n'kutsala ndi ovolosi yokha. Akudziwanso wina wa satifiketi yabwino ya Giredi 12 amene m'mawa uliwonse amaima pageti ku Industrial Area kudikira ganyu ya tsiku limodzi. Ndiye taganizani mwana wa m'nyumba yotere akapeza dziko limene thukuta silitayika, limene nkhondo iliyonse imalembedwa ndipo malipiro ake sachedwa. N'chifukwa chake sindiseka mwana amene akuzungulira pamalo amodzi kupha tizilombo. Akufuna chilungamo chimene sachiona kunja.

Vuto limabwera pamene opanga gemu azindikira kuti tili ndi njala imeneyi, n'kuyamba kuidyera masuku pamutu. Final Fantasy X yomweyo, imene ndimaikonda, ili ndi chitsanzo choipa. Kuti chida champhamvu cha Lulu chifike pachimake, umayenera kuzemba mphezi ka 200 motsatizana m'chigwa cha Thunder Plains. Ukaphonya pa 190, wayambiranso pa ziro. Pofika mphezi ya khumi waphunzira kale zonse zimene zilipo zoti uphunzire. Zotsala 190 sizikuyesa nzeru zako, zikungoyesa ngati ungakhale phee kwa nthawi yaitali amayi osakutuma kukagula makala. Magemu ambiri a pafoni a masiku ano anafika poipa kuposa apa. Amakuikira dala khoma loti uperepo milungu iwiri, kenako n'kukuuza kuti ukalipira kandalama udumpha. Amene akukugulitsa njira yothawira gemu yake wavomera yekha kuti gawo limenelo silokoma.

Kuvuta kwenikweni kumaoneka mosiyana. Mu Shin Megami Tensei III: Nocturne, ya pa PlayStation 2, muli chigoba chovala ngati womenyana ndi ng'ombe, dzina lake Matador. Chimabwera koyambirira ndithu, ndipo chagwetsa anthu ambiri amene anazolowera kungomenya. Chimadziwonjezera liwiro moti zibakera zako zimangodutsa m'mphepo, ndipo m'gemu imeneyo ukaphonya umataya mpata wako womenya. Kukwera malevulo angapo kumathandiza pang'ono chabe. Chimene chimathandiza n'kuphunzira matsenga ochepetsa mphamvu za mdani ndi kusankha anzako amene mphepo yake siiwapweteka. Ukamugonjetsa Matador, umatuluka uli wosewera wina. Final Fantasy VIII ya mu 1999 inachita kuseka nafe poyera: adani amakwera levulo limodzi ndi iwe. Ukapera osamvetsa kamangidwe ka mphamvu kotchedwa Junction, ukungonenepetsa amene adzakuphe. Anzanga ambiri anadana nayo gemuyi, koma pa mfundo iyi yokha inanena zoona.

Tsopano za liwiro la nthano. Ndimakonda kupereka chitsanzo cha Final Fantasy VII ya mu 1997, mwina chifukwa mzinda wake wa Midgar, ndi mapaipi ake, machumuni ndi njanji, umandikumbutsa maonekedwe a ku Industrial Area dzuwa likamalowa. Gemuyi siyamba ndi malonje. Sitima yaima, Cloud wadumpha, Barret akukalipa, ndipo mphindi zochepa zokha uli kale mkati mwa fakitale yamagetsi. Bosi woyamba, chinkhanira chachitsulo, amakuphunzitsa kudikira: chikaimika mchira usachimenye, chifukwa chimabwezera koopsa. Ukangochigonjetsa, wotchi ya mphindi 10 yayamba kuwerenga ndipo uyenera kuthawa. Zikatero gemu imatsitsa moto. Umalowa m'komboni ya pansi pa mzinda, kumene dzuwa silifika, n'kumacheza ndi anthu. Kuthamanga, kupuma, kuthamanganso. Gawo lonse la Midgar limatha m'maola pafupifupi 6, ndipo ukatuluka pageti n'kuona kukula kwa dziko, mtima umagunda.

Mu 2020 anatulutsa Final Fantasy VII Remake, n'kutenga Midgar yomweyo kuikoka mpaka maola oposa 30. Zina anachita bwino. Jessie, Biggs ndi Wedge, amene kale anali mayina chabe, anasanduka anthu oti ukawataya umamva kuwawa. Koma palinso maola oyenda m'ngalande za madzi oipa, kufinyika m'timipata tothina ndi kufunafuna amphaka otayika, pamene nthano ikukuuza kuti miyoyo ya anthu ili pangozi. Ndiwo zikachepa amayi amathira madzi kuti zikwanire onse, ndipo timawamvetsa. Koma wogulitsa akathira madzi mumkaka kuti botolo lidzaze, dzina lake ndi lina.

Kwa ife kuno nkhani ya nthawi si yongokambirana pocheza. Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, panali miyezi imene madera ambiri ankaona malaiti maola 3 okha pa tsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Magemu akale a ku Japan amakulola kuseva pamalo oikika okha. Amene anawakonza ankaganizira mwana wa ku Tokyo kapena ku Osaka amene magetsi ake sazima. Ine ndinatayapo maola awiri athunthu m'phanga lina chifukwa malaiti anapita ndikuona kale poseva patsogolo panga. Ndiponso mu Final Fantasy X ya pa PlayStation 2 sungadumphe makanema a nthano. Ukafa kwa Seymour, uyenera kumumveranso akulankhula zomwe zija usanamenyane naye. Wosewera pa kantemba ka magemu, amene walipirira ola limodzi ndipo anzake ali pamzere kumbuyo, mphindi zimenezo ndi ndalama. Choncho ife tili ndi ufulu woweruza magemuwa mwaukali kuposa olemba a kunja, pakuti ola lathu ndi lodula.

Ndipo si kuti tikupempha zosatheka. A ku Japan omwewo anasonyeza kalekale kuti zimatheka. Chrono Trigger ya mu 1995, imene Horii, Toriyama ndi Hironobu Sakaguchi wa Final Fantasy anagwirira limodzi, imakuonetsa adani panjira m'malo mokudzidzimutsa nawo, ndipo imatha m'maola 20 ndi kanthu popanda kukukakamiza kupera. EarthBound ya mu 1994 ikaona kuti mdani ndi wofooka kwambiri kwa iwe, imangokupatsa chipambano nkhondo isanayambe, chifukwa palibe chimene ungaphunzirepo. Bravely Default ya pa Nintendo 3DS inakupatsa mphamvu yochepetsa nkhondo za panjira mpaka kuzizimitsiratu, kapena kuziwonjezera ngati wafuna. Magemu atatuwa amamuona wosewera ngati munthu wamkulu amene ali ndi zochita zina.

Wina anena kuti, "Koma ba ticha, ine kupera kumanipumulitsa." Ndikuvomera. Nanenso pali madzulo amene ndimabwera nditatopa ndi kuchonga mabuku 60, ndipo sindifuna kuganiza. Ndimangoyenda mu udzu wa Pokémon pafoni, wailesi ikulira. Zili ngati kutongola chimanga pakhonde: manja akugwira, mutu ukupuma. Kupera kotere wasankha wekha, ndipo ukafuna umasiya. Chimene ndikukana ndi kupera kumene gemu yakuikira pakhomo ngati msonkho, ndiponso chizolowezi chathu chothamangira kukapera nthawi iliyonse tikagonja, m'malo mofunsa kuti tagonja chifukwa chiyani.

Chizolowezi chimenechi ndimachiona m'kalasi tsiku lililonse. Mwana akalephera masamu amakopera manotsi omwewo kachitatu, amagona mochedwa ndi kandulo, n'kulepheranso funso lomwelo. Wagwira ntchito, palibe angakane. Koma sanabwerere pa pepala lake kukaona mzere umene analakwitsa. Ifenso aphunzitsi nthawi zina timakhala ngati opanga magemu aulesi: timapereka mafunso 40 ofanana chifukwa n'kosavuta kuposa kukonza mafunso 5 amene aliyense akuphunzitsa chinthu chatsopano. Ndikamadzudzula mphezi 200 zija, chala china chikuloza ine.

Ndiye nali yeso limene ndikupatsani, anzanga osewera. Mukakhala ola lathunthu pa gemu, muzidzifunsa kuti: kodi ndikudziwa chiyani tsopano chimene sindinkachidziwa ola lapitalo? Ngati yankho ndi njira yatsopano yomenyera, chinsinsi cha munthu wa m'nthano, kapena malo amene simunawaonepo, gemuyo yakulipirani. Ngati yankho ndi lakuti nambala yachoka pa 34 kufika pa 35 basi, mwagwira ganyu, ndipo muyenera kusankha ngati mukufunadi kubwereranso mawa.

Mnyamata uja sindinamuuze za Holy Water. Ndinamuuza kuti apite akafenso kamodzi, koma ulendo uno asagwire batani mwachangu, awerenge dzina la chilichonse chimene Seymour akuponya, n'kulemba kumbuyo kwa buku la Civic Education. Lolemba anandipeza pakhomo la ofesi ya aphunzitsi, akumwetulira. Anapeza yekha, ndipo anati mabotolowo anali nawo m'chikwama nthawi yonseyi. Ndinamuyamikira, kenako ndinamufunsa za homuweki ya Lachisanu. Anati malaiti anapita.