Mneni -yesa ndi Ciphunzitso ca Kulungamitsidwa m'Buku Lopatulika

Mneni wa Cigiriki dikaioō, umene Paulo agwiritsa nchito kawirikawiri m'makalata ake kwa Aroma ndi kwa Agalatiya, ndi mau a pabwalo la milandu: woweruza alengeza kuti munthu alibe mlandu. Cilatini cinaumasulira ndi iustificare, mau omangidwa pa iustus (wolungama) ndi facere (kupanga). Pakati pa kulengeza ndi kupanga ndi pamene panabuka mkangano wa zaka mazana. Luther ndi omtsatira anaphunzitsa kuti Mulungu alandira wocimwa monga wolungama cifukwa ca Khristu, pomwe Msonkhano wa Trent mu 1547 unaumirira kuti Mulungu asandutsanso munthuyo m'kati mwake.

Buku Lopatulika la 1922, limene nchito yake inatsogoleredwa ndi William Murray wa Dutch Reformed Church Mission, linasankha mau akuti kuyesa wolungama. Kusankhaku sikudabwitsa. Omasulira anafuna kuteteza ganizo lakuti cilungamo ciwerengedwa kwa munthu, sicicokera mwa iye, ndipo -yesa, m'tanthauzo la kupima ndi kuwerengera, anaoneka woyenera. Ife tiona kuti anateteza ciphunzitso cao ndi mneni wosakhulupirika.

M'kalankhulidwe ka masiku onse, -yesa akatsatidwa ndi dzina kapena mfotokozi anena za kuganiza kolakwika. Munthu akati "ndinamuyesa mlendo", womva adziwiratu kuti sanali mlendo. Woyesa cingwe njoka wanyengedwa ndi maso ake. Tsono mkhristu wa ku Katete kapena ku Chipata akamva kuti Mulungu atiyesa olungama, cinenero cake cimkokera ku ganizo lakuti Mulungu waphonya, kapena acita ngati saona. Comvetsa cisoni n'cakuti ici ndico cimene otsutsa Luther anali kumneneza naco, kuti cilungamo cake n'congoyerekezera. Msintho wamcitidwa uonjezera vuto lina, pakuti kuyesedwa ndi mau omwewo amene tinena nao za Yesu m'cipululu, ndipo mwana wa sukulu awamva ngati mbale wa mayeso.

Nanga kulungamitsa? Tsinde la -lungama lili ndi mphatikiram'mbuyo -am-, amene tim'pezanso mu -werama, -pendama ndi -yandama, wosonyeza kakhalidwe kapena kaimidwe ka cinthu. Tikaikapo -its-, tipeza kucititsa kuti cinthu cikhale colungama, ndipo n'kutheka kuti omasulira a Reformed anaopa kuti mau otere apendekera ku Trent. Koma kamangidwe ka mau sikanena zonse. Tikati munthu adzilungamitsa, sitinena kuti wasintha makhalidwe ake. Tinena kuti adzionetsa wopanda mlandu pamaso pa anthu. Motero -lungamitsa asenza matanthauzo onse awiri, kulengeza ndi kusandutsa, ndipo sacititsa womva kukayika nzeru za woweruza. Pa cifukwa ici tiyesa (mneni uja wabweranso, tsopano wopanda cinyengo cake) kuti ndiye woyandikira kwa Paulo. Ndiyenso akadagwirizana ndi mzimu wa cikalata cimene a Lutheran World Federation ndi Mpingo wa Katolika anasaina ku Augsburg pa 31 Okutobala 1999, cobvomereza kuti kukhululukidwa ndi kukonzedwanso kwa munthu sizilekana.

Ena anganene kuti -yanjanitsa ndiye mau a kwathu, popeza pabwalo la mfumu mlandu suthera pa cigamulo koma pamene olakwirana apepesana ndi kudyera pamodzi. Mfundoyi ili ndi mphamvu, koma Paulo ali nao kale mneni wina wa ciyanjano, katallassō, umene auika pafupi ndi dikaioō pa Aroma 5:9-10. Tikamasulira yonse iwiri ndi -yanjanitsa, ndime ya 10 idzangobwereza ndime ya 9.