Za Mau Opingasa a m'Nyuzi

Masewera a mau opingasa, amene Angelezi awacha crossword, anayamba m'nyuzi ya New York World caka ca 1913, wowakonza ndiye Arthur Wynne. The Times ya ku London inadzawalandira mu 1930. Afanana ndi zirapi zathu za madzulo, koma pano wofunsa ali kutali, simungathe kumtsutsa. Cifukwa cace ayenera kufunsa molungama.

Taonani funso ili: "Mtsinje, zilembo zisanu." Munthu wa ku Nsanje adzalemba Shire, wina Congo, wina Niger, ndipo palibe wolakwa. Funso lotere ndi la ulesi, pakuti lizoloweza mwana kulota m'malo mwa kulingirira. "Mtsinje wothira m'Shire pa Ciromo" liposa pang'ono, popeza yankho ndi Ruo yekha; koma lilibe mcere, liyesa cikumbukiro cokha.

Limene ndiliyamika ndi ili: "Mtsinje kwathu kuno, dera la dziko ku Mangalande." Apa liu limodzi, Shire, lisenza matanthauzo awiri, ndipo wolipeza adziwa yekha kuti walasa, wosadikira nyuzi ya mawa. Aphunzitsi anzanga, musanapatse ana masewerawa, muyambe mwafafaniza mafunso aulesiwo.