Oonera Filimu Mobwerezabwereza

Pali anthu amene saonera filimu kamodzi n'kungoti inali yabwino. Amaimitsa chithunzi, kubwerera m'mbuyo, kuonanso, mpaka anzawo m'nyumbamo kutopa nawo. Anthu amenewa ndimawagomera.

Apatseni The Boy Who Harnessed the Wind ya Chiwetel Ejiofor, ya mu 2019, yonena za William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu. Ambirife timangodikira kuti makina amphepo amene William akupanga azungulire. Iwo amakulozera dayinamo ya pa njinga ya aphunzitsi: gudumu likazungulira, nyali n'kuyaka, ndipo maganizo onse a mnyamatayo akuyambira pamenepo. Amaonanso kuti zigawo za filimuyi zikutsata chaka cha mlimi, kufesa mpaka kukolola, kenako njala. Chichewa chimene Ejiofor akuyankhula m'filimuyi amachiseka ndithu, koma amamuyamikira kuti sanathawire ku Chingerezi chokhachokha.