Bondo, Mame ndi Una wa Kapeta

Munthu wa ku Chipata akamva kuti ku Mfuwe kukuzizira amaseka. Kwa iye chigwa cha Luangwa ndi ng'anjo basi, dziko lotsika kumene mu Okutobala kutentha kumafika madigiri 40. Koma mu Juni ndi Julayi usiku wa kumeneko umatsika mpaka cha m'ma 10, ndipo thupi lozolowera thukuta limachimva chisanu chotere mpaka m'mafupa. Iyi ndiyo miyezi imene madoda a mtundu wa Akunda a kwa Kakumbi, kwa Mnkhanya, kwa Nsefu, kwa Jumbe, kwa Malama ndi kwa Msoro amachedwa pa moto wa tsanya m'mawa, atafunda zikhoti zakale, n'kumacheza nkhani zimene mlendo angaziyese madandaulo a ukalamba. Ine ndimati macheza amenewa ndiwo ulenje weniweni umene watsala m'boma la Mambwe, ndipo ndi luso lofunika kulitchera khutu.

Palibe amene amayamba ndi nyama. Amayamba ndi kudzutsana, ndipo "mwauka bwanji, akulu?" sayankhidwa ndi liwu limodzi. Wofunsidwayo amatchula bondo limene lamusowetsa tulo, mnzake n'kuvomereza kuti m'bandakucha kunazizira kuposa dzana. Wachitatu, amene wadzera m'njira ya kudimba, amangosonyeza miyendo ya buluku yonyowa. Pamenepo onse adziwa kale zinthu zitatu: usiku kunalibe mitambo, mphepo inagona, ndipo mame agwa ambiri. Kwa mlenje mame ambiri ndi nkhani yabwino, chifukwa chinyama chilichonse chimene chadutsa m'udzu dzuwa lisanatuluke chasiya mzere wakuda pomwe chakuntha madontho. Bondo lija silinatchulidwe pofuna chisoni. Lanena za nyengo, ndipo nyengo yanena za mapazi.

Pa mapazi ndi pamene amakanganirana mokoma. Phazi la gwape limene m'mphepete mwake mukadali mwakuthwa ndi la m'mawa uno. Likakhala kuti lagumuka pang'ono, kapena kachilombo kayendapo n'kusiya kanjira kake, ndiye kuti ndi la usiku kapena la dzulo. Mchenga wa mu Lupande, mtsinje umene m'chilimwe umauma n'kusanduka msewu wa nyama, umasunga zonsezi bwino mpaka mphepo ya kum'mwera chakum'mawa itadzuka dzuwa likakwera. N'chifukwa chake mdala amene amalephera kuwerama m'mawa chifukwa cha msana amadandaula moona: nthawi imene nthaka ikuwerengeka bwino ndi yomweyo imene thupi lake likukana. Akale ankayenda ndi kathumba ka phulusa, kugwedeza pang'ono kuti aone kumene mpweya ukulowera. Ngakhale wongopita kukaona misampha ya nkhwali sanyoza nzeru imeneyi, poti kuno njovu ikhoza kuima phee kuseri kwa chitsamba cha m'mphepete mwa munda wa mapira, ndipo munthu ayenera kudziwa ngati fungo lake likupita kwa iyo.

Koma nkhani imene imatenthetsa bwalo ndi ya mbewa. Anthu akakolola chimanga ndi mapira, mbewa zimakhala zitanona, ndipo khasu limasiya ntchito yolima n'kuyamba yokumba. Wosadziwa amati mbewa ndi mbewa. Madodawa amazisiyanitsa ndi mauna ake asanaione n'komwe. Phanya amakonda dothi la mchenga ndipo amakumba njira zambiri zolumikizana, moti wokumba wopupuluma amatha mphamvu akutsata njira yabodza. Kapuku ndi wochuluka, wobereka ana ambiri nthawi imodzi, ndipo m'makande amangolowa m'ming'alu ya nthaka youma, kumene khasu silithandiza kwenikweni. Pali ina imene imatuta mbewu m'masaya n'kukaunjika pansi, mwakuti wokumba amapeza nkhokwe yake asanapeze mwiniwake. Ndiye pali kapeta, mfumu ya pa mpani. Kambewa aka kamadzikundikira mafuta m'thupi, ndipo kukazizira kamatseka khomo ndi dothi n'kugona tulo tolemera masiku ambiri. Khomo lotsekedwa silioneka kwa mwana. Mdala amaliona pa kusiyana kochepa kwa mtundu wa dothi, n'kugogodapo ndi mpini kuti amve ngati pansi pali mphako. Akakapeza kamakhala kozizira, kaulesi, kosathawa. Apa mpamene nyengo ndi nyama zimakumanirana poyera: chisanu chimene chaumitsa bondo la wokumba ndi chomwecho chimene chamugonekera ndiwo.

Kakumbidwe kake kali ndi mwambo wake. Usanamenye khasu umayamba wazungulira kufunafuna mbuli, kabowo kothawira kamene mbewa imasiya katangotsala pang'ono kuboola pamwamba, ndipo pamenepo umaikapo mwana kapena kutsekapo. Una umene kangaude walukapo ndi wosiyidwa. Una wosalala kwambiri pakhomo, wopanda timapazi, suulowetsa dzanja. Umayamba ndi kamtengo, chifukwa njoka nayonso imathawira chisanu m'mauna a mbewa. Njira ikagawanika, umatseka imodzi ndi udzu kuti isakwiririke, n'kutsata imene dothi lake n'latsopano. Ena amafukiza utsi pogwiritsa ntchito mphika woboola pansi wodzaza zinyalala zofuka. Achinyamata a lero amakonda kukwirira ndowa ya madzi pang'ono m'munda n'kuika nyambo pamwamba, m'mawa n'kungowola. Akuluakulu saikana ndowa, imagwira ndithu, koma amati siphunzitsa munthu kalikonse, ndipo apa ndili nawo. Khoswe wa m'nyumba sadyedwa, swiswiri sadyedwa. Zotsalazo amatumbula, kuwiritsa ndi mchere, kuumika pa moto, kenako n'kupanika pa mpani.

Za nyama zina zing'onozing'ono amadutsamo msanga, aliyense ndi kake. Nchenzi imadziulula yokha m'mabango ndi m'minda ya mpunga chifukwa imadula udzu mopendekera n'kusiya timilu ta zidutswa. Nkhanga m'chilimwe zimayenda m'magulu akuluakulu, zimasamba fumbi pamalo amodzimodzi ndipo zimagona mumtengo womwewo. Kalulu akathamangitsidwa ndi agalu amakonda kuzungulira kubwerera chakomwe anadzukira, choncho wokalamba safunika kuthamanga, amangodikira.

Nkhani ya matenda imalowa mosaitanidwa, ndipo si ya nyamakazi ndi chifuwa zokha. Chigwachi ndi kwawo kwa kashembe, ntchentche yopatsa kaodzera. Kachilombo ka kaodzera wa mtundu wofulumira, Trypanosoma brucei rhodesiense, kanalongosoledwa koyamba mu 1910 ndi Stephens ndi Fantham ku Liverpool, m'magazi a munthu amene anadwalira m'chigwa cha Luangwa chomwechi. Madodawa mayina amenewa alibe nawo ntchito, koma amadziwa kuti kashembe m'mawa wozizira amakhala wofooka, amayamba kuluma dzuwa likatentha, ndipo amatsata chovala chakuda kapena chabuluu. Choncho kulawirira kutchire n'kubwerako dzuwa lisanafike pamutu ndi nkhani ya mapazi komanso ya magazi. Amadziwanso kuti nyama yopezeka itafa yokha si mwayi. Mu 1987 anthrax inapha mvuu zikwizikwi mu Luangwa, ndipo mu 2011 kumtunda kwa chigwa, m'boma la Chama, anthu oposa 500 anadwala atagwira kapena kudya nyama ya mvuu zofa ndi nthendayi. Mbewa nazo zili ndi lamulo lomwelo. Zikayamba kufa zokha m'munda, wanzeru amasiya kukumba, chifukwa utitiri wa mbewa ndi makoswe ndiwo umanyamula mliri umene unabukanso ku Nyimba mu 2015. Ndimachita chidwi ndi mmene machenjezo otere amaperekedwera. Sakhala ulaliki. Wina amangokumbutsa za chaka chimene mvuu zinkayandama, mnzake n'kugwedeza mutu, ndipo mdzukulu amene akusonkhezera moto wamva. Chifuwa chikapitirira, okha amauzana kuti zofukiza zakwana, akulu, pitani ku chipatala cha Kamoto akakupimeni chibayo.

Wina angafunse chifukwa chake anthu a m'dziko la njati ndi njovu amathera m'mawa wonse pa kapeta. Ukalamba ndi chifukwa chimodzi. China ndi mbiri. Mu 1950 Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kupatula gawo la dziko lake kuti alendo azidzaona nyama, ndalama zina n'kumapita kwa anthu. Mu 1972 South Luangwa inakhala paki ya dziko lonse, yokula masikweya kilomita 9,050, ndipo midzi ya Akunda inatsala m'dera la Lupande, kumene kupha nyama kumafuna chiphaso. Lero lamulo la zanyama la 2015 ndilo likugwira ntchito. Bungwe la COMACO, limene Dale Lewis anayambitsa mu 2003, lakhala likulandira mfuti ndi mawaya kwa alenje amene asankha ulimi wa mpunga, mtedza ndi njuchi. Magogodera ambiri, mfuti zothira onga kukamwa zija, anachoka m'madenga mwa njira imeneyi. Kupha mkango kumene kunkavinidwa Malaila tsopano kumakumbukiridwa pa mwambo wa chaka ndi chaka kwa Nsefu. Zimene zinatsala m'manja mwa munthu wamba poyera, popanda kuyang'ana kumbuyo, ndi khasu ndi una wa m'munda mwake. Ndiye nzeru yonse imene kale inkatsata njati yatsikira pa tinyama tating'ono, ndipo siinachepe potsikapo.

Pa waya ndi pamene mawu amakwera. Khwekhwe la luzi lotchera nkhwali limafuna kuti udziwe njira ya mbalameyo, kutalika kwa khosi lake ndi nthawi imene imadutsa. Limawola mvula ikagwa, ndipo nyama yaikulu imangolidula. Waya safuna kudziwa kanthu. Munthu amamanga makumi angapo panjira ya kumadzi, ena n'kuwaiwala, ndipo amagwira chilichonse: mkango, mimbulu, nyamalikiti, chitamba cha njovu. A bungwe la Conservation South Luangwa ina mwa ntchito zawo zazikulu ndi kuchotsa mawaya amenewa m'tchire ndi pa nyama zovulala. Mlenje wokalamba amanyansidwa ndi waya pa chifukwa chake chake, chosiyana ndi cha mlendo wa kamera. Kwa iye nyama yowolera pa msampha mwini wake osabwera ndi manyazi a ntchito. Sindikunena kuti onse a imvi ndi oyera m'manja. Njala ya m'chigwa ino yatcheretsa waya anthu ambiri. Koma muyeso wa chimene chili ulenje ndi chimene chili kuwononga ukadali m'macheza awo.

Luso limeneli lili ndi msika lero, ngakhale eni ake sapindula nalo. Ulendo wapansi woonera nyama, umene unatchukitsa South Luangwa padziko lonse, umadalira munthu wodziwa kuwerenga phazi ndi mphepo, ndipo achinyamata a ku Mfuwe amalemba mayeso ovuta kuti akhale operekeza alendo. Mabuku amawapatsa mayina a Chilatini. Msinkhu wa phazi la pa mchenga wa Lupande buku silingawapatse. Inu aphunzitsi amene mumayendetsa makalabu a zachilengedwe m'sukulu za Mambwe, pamodzi ndi a bungwe la Chipembele amene mumagwira nawo ntchito, Juni akubwerayu tengani ana m'mamawa mame asanaume, muwapititse kwa agogo awo ndi khasu, ndipo musaiwale kunyamulako nkhuni.